Kusankha Nsambo za Gitala Yamagetsi

Nkhani ya lero ikukhudza chinthu chaching'ono kwambiri pa zipangizo zonse za bandi, chimenenso mtengo wake ndi wochepa, koma chimene chikalakwika nyimbo yonse imaonongeka. Chinthucho ndi nsambo za gitala yamagetsi, zimene oimba ambiri amangoti mawaya.

Anthu akasonkha ndalama zoyambitsira bandi, kaya ya mpingo, ya sukulu kapena ya achinyamata a pamudzi, mtima wawo umakhala pa zinthu zikuluzikulu zooneka ndi maso: gitala yonyezimira, ampulifaya yamphamvu ndi masipika otalika ngati munthu. Nsambo amazikumbukira pamapeto ndalama zitatha, ndipo amangotola paketi iliyonse imene aipeza pamtengo wotsika. Komatu mawu a gitala amabadwira pa nsambo. Ntchito ya ampulifaya ndi kukuza zimene yalandira. Ikalandira mawu abwino imakuza abwinowo, ndipo ikalandira okhota imawakuza pamodzi ndi kukhota kwake, kufikira amene wakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo amve kuti pali cholakwika. Bandi imene yachititsa manyazi mwini ukwati pamaso pa alendo ake siitanidwa kawiri.

Mfundo yaikulu ya nkhani ino ndi imodzi. Nsambo yodalirika ndi imene ili yofanana kuyambira kunsonga kufikira kunsonga inzake, ndiponso yofanana ndi imene woimba adagula mwezi watha ndi imene adzagule mwezi wamawa. Kudula kwa mtengo ndi kutchuka kwa dzina zimabwera pambuyo pa kufananaku.

Momwe gitala imamvera nsambo zake

Gitala wamba ili ndi mimba yamphako imene imakuza mawu payokha, monga momwe chigubu chimachitira pa banjo yopanga pamudzi. Magitala ambiri amagetsi alibe mphako, thupi lake ndi thabwa logwirana. Pansi pa nsambo pali kachipangizo kotchedwa pickup, ndipo mkati mwake muli maginito ozunguliridwa ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo zikwi zingapo. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo imasokoneza mphamvu yake, ndipo kusokonezekako kumabala timagetsi tochepa m'waya wa kopa uja. Timagetsi timeneti ndi timene timayenda m'chingwe kupita ku ampulifaya. George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker adagwiritsa ntchito nzeru imeneyi ku Los Angeles, ku America, pamene adayamba kugulitsa magitala amagetsi m'chaka cha 1932. Magitala otchuka amene adabwera pambuyo pake, monga Gibson Les Paul ya 1952 ndi Fender Stratocaster ya 1954, adatsata njira yomweyo.

Apa ndiye pali phunziro loyamba kwa wogula. Pickup imamva chitsulo chokhacho chimene maginito amakoka. Nsambo za nailoni zikaikidwa pa gitala yamagetsi, sipika imangokhala chete. Nsambo za gitala wamba, zija zooneka zachikasu chifukwa zidakulungidwa ndi mkuwa, zimamveka mosalingana: zoonda zopanda mkuwa zimafuula, pamene zonenepa zimamveka ngati zili patali, pakuti maginito sakoka mkuwa, amangomva kawaya kachitsulo kobisika mkati. Choncho paketi yoyenera ndi imene yalembedwa kuti ndi ya gitala yamagetsi, ndipo nsambo zake zimakhala zoyera ngati siliva.

Chifukwa chake kufanana kuli kofunika

M'chaka cha 1636 wansembe wina wa ku France, Marin Mersenne, adalemba malamulo ofotokoza kalilidwe ka nsambo. Iye adaonetsa kuti kukwera kapena kutsika kwa mawu kumadalira zinthu zitatu: kutalika kwa nsambo, kukungika kwake, ndi kulemera kwake. Nsambo yaifupi imalira mokwera kuposa yaitali, yokungika kwambiri imakwera kuposa yolephuka, ndipo yolemera imatsika kuposa yopepuka. Pa gitala yochunidwa mwa masiku onse, nsambo yoyamba, imene ili yoonda kuposa zonse, imanjenjemera maulendo pafupifupi 330 pa sekondi imodzi, pamene yachisanu ndi chimodzi imanjenjemera maulendo pafupifupi 82.

Timizere tachitsulo tapakhosi pa gitala, timene oimba amati mafureti, tidaikidwa mwamasamu. Pa magitala ambiri a Fender gawo la nsambo limene limalira ndi lotalika mamilimita 648, ndipo fureti ya nambala 12 ili pakati penipeni, pa mamilimita 324. Woimba akapana pamenepo amadula nsambo pakati, kunjenjemera kumawirikiza kawiri, ndipo pamatuluka mawu omwe aja koma okwera. Masamu onsewa amayenda bwino pokhapokha kulemera kwa nsambo kukhale kumodzi paliponse. Ngati penapake yanenepa pang'ono ndipo pena yaonda, kapena ngati waya wokulunga walephuka pamalo ena, mafureti amayamba kunama.

Zikatero woimba amachuna gitala, nsambo zonse n'kulira bwino zisanapanidwe, koma akangokwera ndi zala pakhosi mawu amaphonya. Mabandi ambiri amakangana pa chifukwa chimenechi. Wa kiyibodi amaloza wa lidi, wa lidi amaloza wa besi, otsogolera nyimbo amasokonezeka, ndipo pamapeto pake onse amagwirizana kuti gitalayo ndi yachabe, pamene wolakwa ndi waya mmodzi amene maso sangaone cholakwa chake.

Manambala a pa paketi

Pa paketi iliyonse pamalembedwa manambala, ndipo ogula ambiri sawawerenga. Manambalawo amanena kunenepa kwa nsambo m'magawo a inchi imodzi yogawidwa 1,000. Nsambo ya nambala 10 ndi yonenepa pafupifupi kota ya milimita. Seti imatchulidwa ndi nsambo yake yoyamba ndi yotsiriza. Imene imatchedwa 10–46 kawirikawiri imakhala ndi nsambo za 10, 13, 17, 26, 36 ndi 46. Imene imatchedwa 9–42 imakhala ndi 9, 11, 16, 24, 32 ndi 42. M'maseti awiri onsewa zitatu zoyamba ndi waya wosalala, zitatu zotsiriza ndi zokulungidwa.

Kale sizidali choncho. M'zaka za m'ma 1950 maseti ogulitsidwa m'masitolo adali onenepa, oyambira pa 12 kapena 13, ndipo nsambo yachitatu idali yokulungidwa, yovuta kuikankha ndi chala kuti mawu akwere molira. Oimba ena a ku America adapeza njira yawo. James Burton, amene adaimbira Ricky Nelson ndipo pambuyo pake Elvis Presley, adadziwika ndi kumangira nsambo za banjo pa gitala yake kuti zala zizitha kuzikankha mosavuta. Woimba wina, Ernie Ball, amene adali ndi sitolo ya magitala ku Tarzana m'chigawo cha California, ataona kuti ophunzira ake akuvutika ndi nsambo zolimba, adayamba kugulitsa maseti oonda okonzeratu, otchedwa Slinky, m'chaka cha 1962.

Nzeru yobwereka waya kwina si yachilendo kwa omvera akuno. Anyamata a m'midzi akhala akusolola timawaya m'chingwe cha buleki ya njinga n'kumangira pa banjo, ndipo oimba monga Allan Namoko wa ku Thyolo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band adamveka dziko lonse ndi zipangizo zopanga pamanja. Limenelo ndi luso loyenera ulemu. Koma banjo ya pamudzi, mwini wake amaisema ndi kuichuna molingana ndi waya amene ali naye, pamene gitala yamagetsi idayezedwa kale ku fakitale, ndipo imafuna nsambo imene nayonso idayezedwa.

Funso limene ophunzira amakonda kufunsa ndi lakuti nambala yabwino kuposa zonse ndi iti. Mbiri ya oimba imaonetsa kuti nambala yotero palibe. Stevie Ray Vaughan wa ku Texas ankaimba ndi nsambo zonenepa, nthawi zambiri zoyambira pa 13. Tony Iommi wa ku Birmingham, ku England, amene adaduka nsonga za zala ziwiri pa ngozi ya mu fakitale ali mnyamata, adasankha nsambo zoonda kwambiri, komabe gitala yake idatchuka ndi mawu olemera. Nsambo zoonda ndi zofewa ku zala ndipo zimathandiza wa lidi amene amathamanga pamwamba pa khosi, koma zikamenyedwa mwamphamvu zimagunda mafureti. Zonenepa zimapirira dzanja lolemera la woimba wa pakati amene amamenya nsambo zonse pamodzi, koma zimatopetsa zala. Wophunzira amene sadadziwe dzanja lake angayambe ndi 9–42 kapena 10–46.

Chofunika kwambiri ndi chakuti akasankha akhazikike pomwepo. Seti ya 9–42 ikachunidwa pa gitala ya mamilimita 648 imakoka khosi ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu pafupifupi 38. Seti ya 10–46 imakoka ndi pafupifupi 46, ndipo yoyambira pa 11 imapitirira 50. Kunena kwina, khosi la gitala limasenza katundu wofanana ndi thumba la chimanga usana ndi usiku. Mkati mwa khosimo muli ndodo yachitsulo imene idamangidwa kuti ilimbane ndi katunduyo. Woimba akachotsa seti yoonda n'kuika yonenepa, khosi limapindikira kutsogolo, nsambo zimatalikira mafureti, ndipo zina zimathina m'timipata ta kumutu kwa gitala. Akabwerera ku zoonda khosi limaongoka, nsambo n'kuyamba kukhudza mafureti ndi kulira ngati njuchi. Munthu amene amasintha nambala mwezi ndi mwezi malinga ndi zimene wapeza pa msika amakhala ndi gitala yosakhazikika chaka chonse. Amene wafunadi kusintha apite nayo gitalayo kwa mmisiri kuti aikonze molingana ndi nambala yatsopanoyo.

Mitundu ya chitsulo

Nsambo zokulungidwa zili ndi mbali ziwiri: waya wapakati ndi waya wozungulira. Waya wapakati wa nsambo zambiri za masiku ano ali ndi ngodya zisanu ndi imodzi, kuti wozungulirayo agwire zolimba osaterereka. Wozungulirayo ndi amene amasiyanitsa kamvekedwe. Wofala kwambiri ndi chitsulo chokutidwa ndi nickel, chimene mawu ake ali pakatikati ndipo amayenera nyimbo za mitundu yambiri. Palinso nickel weniweni wosasakaniza, amene adali wofala m'zaka za m'ma 1950, wa mawu ofatsa. Chitsulo chosachita dzimbiri chotchedwa stainless steel chimatulutsa mawu akuthwa ndipo chimapirira chinyezi, koma ndi cholimba, motero chimadya mafureti msanga. Nsambo zina zimakulungidwa ndi waya wophwatalala m'malo mwa wobulungira. Zimenezi ndi zosalala ku zala, sizilira chala chikamatsetsereka, ndipo oimba jazi ambiri amazikonda. M'chaka cha 1997 kampani ya W. L. Gore & Associates ya ku America idayamba kugulitsa nsambo zotchedwa Elixir, zokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka pulasitiki koteteza thukuta ndi litsiro. Zokutidwazi ndi zodula, koma zimakhalitsa, ndipo amene manja ake amatuluka thukuta kwambiri angapeze kuti pakutha pa chaka waononga ndalama zochepa.

Pogula

Nkhani ino siikusankhira woimba kampani. Mayina monga D'Addario, Ernie Ball, GHS, Rotosound ndi Fender ndi odziwika m'maiko ambiri. Banja la D'Addario lidachokera ku mudzi wa Salle ku Italy, kumene anthu adakhala akupanga nsambo kwa mibadwo yambiri, ndipo lidayamba kugulitsa nsambo m'dzina lake ku New York m'chaka cha 1974. GHS idayamba ku Battle Creek, m'chigawo cha Michigan, mu 1964. Chimene chidapatsa makampani otere mbiri ndi chomwe chija chatchulidwa poyamba: woimba akatsegula paketi lero amapeza zimene adapeza chaka chatha.

Koma kumene kuli dzina lotchuka kumabweranso okopera. Nsambo zachinyengo zovala mapaketi a makampani odziwika zimagulitsidwa m'maiko ambiri, ndipo akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Wogula ayang'anitsitse zilembo za pa paketi ngati zili zomveka ndi zosalakwika, ayerekeze ndi paketi yakale imene akuidziwa kuti idali yeniyeni, ndipo akaike mtengo ukatsika mopitirira muyezo. Kampani ya D'Addario imalemba nambala yapadera pa kathumba ka mkati, imene munthu angaitsimikize pa intaneti.

Ngakhale nsambo zenizeni zimaonongeka zikakhalitsa pa shelefu. Zambiri zimene zimagulitsidwa muno zimachokera kunja, zimayenda ulendo wautali, ndipo mwina zimagona m'sitolo nyengo zingapo za mvula. Kathumba kotsekeredwa kosalowa mpweya kamateteza bwino kuposa envulopu ya pepala. Ngati n'kotheka kuziona, wogula ayang'ane nsambo zitatu zosalala zija powala: kadontho kalikonse kofiirira ndi dzimbiri, ndipo padzimbiri ndi pamene nsambo idzadukire. Ayang'anenso kumapeto kumene kuli kamkanda kachitsulo kogwirira. Waya wopotedwa pamenepo akhale wothina ndi waudongo. Ndipo amene wapeza seti yomuyenera kwa wogulitsa wokhulupirika agule ziwiri nthawi imodzi, pamodzi ndi nsambo yoyamba ndi yachiwiri zapadera, popeza zimenezi ndi zimene zimaduka kawirikawiri.

Kuyesa nsambo zitamangidwa

Nsambo zatsopano zimafuna nthawi kuti zikhazikike, choncho si bwino kuzimanga ola limodzi dansi isanayambe. Woimba azimange dzulo lake, azikoke pang'onopang'ono ndi zala m'litali mwake monse, achunenso, ndi kubwereza kufikira zitasiya kutsika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatero ayese nsambo imodzi ndi imodzi pa fureti ya nambala 12. Choyamba aike chala mopepuka pamwamba penipeni pa furetiyo osapana, amenye nsambo n'kuchotsa chala. Pamveka mawu oyera ngati kabelu. Kenaka apane pamalo omwewo n'kumenyanso. Mawu awiriwa ayenera kufanana. Khutu lozolowera limamva kusiyana, ndipo kachipangizo kochunira, kamene masiku ano kamapezekanso pa lamya ya m'manja, kamaonetsa poyera. Ngati nsambo zisanu zili bwino ndipo imodzi yokha ikuphonya kwambiri, pamene inzake ya nambala yomweyo idali bwino pamalopo, wolakwa ndi nsamboyo. Woimba asathamangire kupotokola tizitsulo ta kumunsi kumene nsambo zimatsamira. Ayambe wasintha nsamboyo.

Kaduke ka nsambo nako kamaphunzitsa. Ikamaduka malo amodzimodzi nthawi zonse, monga pamene yatsamira kumunsi kapena pa chochunira kumutu, pamenepo pali kakuthwa kamene kakuicheka, ndipo ngakhale nsambo yodula chotani idzadukabe kufikira malowo atasalazidwa. Koma nsambo zatsopano za mtundu umodzi zikamaduka malo osiyanasiyana, kapena waya wozungulira akamamasuka, mtunduwo kapena wogulitsayo ndi wofunika kumusiya. N'chifukwa chake mtsogoleri wa bandi wanzeru amasunga kabuku kolembamo tsiku lomangira nsambo, dzina lake, nambala yake, kumene zidagulidwa ndi tsiku limene zidayamba kufooka. Pakatha miyezi ingapo kabukuko kamamuuza zoona kuposa wotsatsa malonda aliyense.

Kusamala nsambo m'nyengo za kuno

Adani a nsambo ndi chinyezi ndi mchere wa m'thukuta. Woimba wa ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi m'mphepete mwa nyanja, wa ku Mulanje ndi ku Thyolo m'miyezi ya chiperoni, ndi wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje m'kutentha kwa Okutobala, onsewa amaona nsambo zikuda msanga. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kusamba m'manja ndi kuwaumitsa asanagwire gitala, kupukuta nsambo iliyonse pamwamba ndi pansi pomwe ndi kansalu kouma akatha kuimba, ndi kusunga gitala m'chikwama chake, osaitsamiritsa pa khoma lachinyontho kapena kuisiya padzuwa. Maseti osatsegula asungidwe m'chitini chotsekeka bwino.

Ngakhale zisamalidwe motani, nsambo zimakalamba. Litsiro limalowa m'mizere ya waya wozungulira, ndipo kunsi kwake kumaphwatalala pamene pamakhudza mafureti, motero kulemera kuja kumasiya kukhala kumodzi. Mawu amayamba kuzima msanga, ndipo gitala imakana kuchunika. Tsabola wakale sawawa. Oimba ena, makamaka a besi, amawiritsa nsambo zakale m'madzi kuti litsiro lichoke. Zimenezi zimabweza kuwala kwa mawu kwa kanthawi, koma sizibweza chitsulo chimene chidadyeka. Nsambo imodzi ikaduka pa seti yokalamba, yatsopano imene yaikidwapo imafuula kuposa zinzake, ndipo nthawi ikalola ndi bwino kusintha zonse. Amene akukalowa m'nyumba yojambulira nyimbo asapite ndi nsambo zakale, pakuti cholakwika cha pa dansi chimaiwalika mawa lake, koma chojambulidwa chimamvekanso nthawi iliyonse nyimboyo ikaulutsidwa.

Tsono woimba aliyense amene wamva nkhaniyi akumbukire zinayi izi: agule nsambo zopangidwira gitala yamagetsi, asankhe nambala ndi chitsulo zoyenera dzanja lake n'kukhazikika pomwepo, aziyese pa fureti ya nambala 12 asanapite pagulu, ndipo azipukute akatha kuimba. Akachita zimenezi gitala yake idzalira mawa monga yalirira lero, ndipo anthu amene amulipira adzalandira zimene adamva pamene ankamuitana.

Nkhani ya lero yathera pamenepa.